Dzanja la Wonola Mipeni

Masenti anayi pa fiti imodzi. Ndiwo unali mtengo wa filimu yosajambula mu New York m'chilimwe cha 1910, ukaigula kuseri kwa munthu wosafunsa dzina lako. Abner Lisk anagula mafiti 1,300. Kanema mmodzi amadya mafiti 1,000, ndiye kuti anatsala ndi 300 okha olakwitsira. Munthu woyamba kumene kutsogolera kanema amalakwitsa kuposa pamenepo asanadye nkhomaliro.

Koma nkhani ino si ya Lisk kwenikweni. Ndi ya munthu amene ankamupukusira kamera, a Ignatz Holub, wonola mipeni.

A Holub anabwera kuchokera ku Bohemia ali ndi zaka 26, ali ndi mkazi wawo Zdenka, chikwama chimodzi, ndi mwala wonolera wa bambo awo atawukulunga m'bulangete. Akuti padoko alonda anawaseka kuti kodi amva kuti ku America kulibe miyala. Mwalawo anawumangirira pamwamba pa kabokosi ka matayala awiri, naika chopukusira chachitsulo m'mbali, ndipo kwa zaka 18 anakankha kangoloko m'misewu ya kumtunda kwa mzinda akuliza belu. Mpeni masenti asanu, sizasi khumi. Dzanja lamanja linkapukusa, lamanzere linkagwira chitsulo, mbaliwali n'kumatsika ngati mvula yofiira. Zdenka ankachapa zovala za anthu. Ana awo awiri anagona kumanda a ku Queens asanayambe n'komwe sukulu, ndipo za iwo sizinkakambidwa m'nyumbamo.

Tsiku lina mu Meyi, mnyamata woonda wa jekete lothina anaima pafupi ndi kangolo, wotchi ili m'manja, osapereka mpeni uliwonse. A Holub anamaliza sizasi ziwiri, munthu ali chiimire.

"Bwana, kuonerera n'kwaulere, koma mwanditchingira dzuwa."

"180," anatero mnyamatayo. "Ndawerenga katatu, katatu konse mwapukusa ka 180 pa mphindi. Madala, dzanja lanuli munaligula kuti?"

"Linabwera ndi thupi lomweli. Muli ndi mpeni kapena ayi?"

Ameneyo anali Lisk. Zaka zisanu anakhala m'kabowo pansi pa nsanja ya zisudzo, kunong'oneza mawu kwa ochita sewero akaiwala. Anatopa n'kuona nsapato za anthu. Tsopano anali ndi nkhani yakeyake, ya mayi wosoka zovala amene akuthawa mwamuna wankhanza mpaka kukaima m'mphepete mwa phompho. Anali ndi ochita sewero anayi, ndi kamera yobwereka kwa munthu amene mkono wake unali m'chikhakha.

Za mkonowo a Holub anafunsa.

"Anagwa pamasitepe," anatero Lisk, maso ali kumbali.

"Masitepewo anavala zipewa?"

Aliyense ankadziwa yankho lake. Makampani aakulu a kanema anali atagwirizana n'kunena kuti kamera iliyonse yopukusa ndi nzeru zawo, ndipo wojambula popanda chilolezo chawo ndi mbava. Mayina awo sitinkawatchula, tinkangoti Akuluakulu. Anali ndi akazitape m'madoko ndi m'masiteshoni. Akakudziwa ankabwera ndi chikalata cha khoti n'kutenga kamera ndi filimu yomwe. Chikalata chikachedwa, kunkachitika za masitepe zija.

A Holub anavomera chifukwa cha madola awiri patsiku, komanso chifukwa chakuti chifikire ku America palibe amene anali atayamikirapo dzanja lawo. Anthu ankayamikira mpeni.

Vuto linali liwiro. Mwala umafuna katatu pa sekondi, kamera imafuna kawiri. Kupukusa kamodzi kumakoka theka la fiti, ndiye kanema yense ndi kupukusa ka 2,000, kofanana konseko. Ukafulumira, anthu pachinsalu amayenda ngati ali pansi pa madzi. Ukachedwa, amathamanga ngati nkhuku zodulidwa mitu. Sabata yathunthu a Holub anapukusa kamera yopanda kanthu m'khitchini mwawo, Lisk atagwira wotchi.

"Mwathamanganso, madala! Simukunola nkhwangwa pano."

"Dzanja limeneli lakhala pa katatu inu musanamere mano."

Amene anapeza mankhwala ake ndi Zdenka. Ali pa beseni anayamba kung'ung'udza nyimbo yapang'onopang'ono ya kutchalitchi cha kwawo, yoimbidwa poperekeza maliro. Dzanja la amuna ake linagwera m'nyimboyo lokha. Lisk anayang'ana wotchi, 120. Anayesanso, 120. Kuyambira tsikulo a Holub akagwira kamera, nyimbo ya maliro inkatuluka pakhosi pawo, ndipo ochita sewero ankadandaula kuti n'kovuta kupsompsonana munthu akukuimbira ya kumanda.

Ankajambulira kutsidya kwa mtsinje wa Hudson, ku Fort Lee, kumene kuli nkhalango ndi maphompho. Ndiye kuti m'mawa uliwonse kamera inkayenera kukwera boti lowolotsa anthu, pamaso pa aliyense. Nzeru inali ya a Holub eni. M'kabokosi kapansi pa mwala, mmene ankasungamo nsanza ndi mafuta, kamera inkalowa bwinobwino, malo n'kutsala. Ndani amayang'ana kawiri wonola mipeni?

Zdenka sanakondwe. Anauza Lisk kuti adule kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala, nakaika m'mbale, nayatsa machesi. Lawi linakwera mpaka pafupi ndi denga, likulira ngati nsalu yong'ambika. Anathira madzi, filimuyo n'kumayakabe pansi pa madziwo.

"Kachala kamodzi ndi kameneko," anatero. "Ndiye inu amuna anzerunu mukufuna kuika mafiti chikwi pansi pa mwala wolavula moto. Mwapenga nonse awiri kapena mukusinthana?"

"Mwala suzungulira filimu ili m'kati," anatero a Holub. "Ndalumbira."

"Nanga mng'alu uwu?"

Chivindikiro cha bokosilo chinali ndi mng'alu woti n'kulowa chala, pansi penipeni pa mwala, pamene thabwa linang'ambika chaka china cha chisanu choopsa. A Holub anati adzawutseka. Anatsekadi ndi nsanza, koma nsanza ya mafuta ndi yoipa kuposa mng'alu, ndiye anaichotsanso, ndipo thabwa latsopano linakhala la mawa mpaka mawalo linaiwalika.

Lisk anawonjezera lamulo lake. Filimu yojambulidwa sinkapita kokatsukitsa tsiku ndi tsiku monga achitira ena, chifukwa m'nyumba zotsukira filimu makoma ali ndi makutu. Zitini zonse za filimu zinkagona m'chipinda chozizira cha mlimi wina ku Fort Lee, kuti tsiku lomaliza ziwoloke pamodzi, zipite kwa mkulu wina wojambula maukwati amene analonjeza kutsuka zonse kamodzi.

Masiku atatu oyamba anadutsa bwino. Tsiku lachinayi pabotipo panakwera munthu wa chipewa chotuwa. Ife ogulitsa mtedza pabotilo timamukumbukira, chifukwa ankagula thumba limodzi m'mawa, limodzi madzulo, osanena zikomo. Ankatsamira chitsulo cha m'mbali moyang'anana ndi kangolo, kuswa mtedza pang'onopang'ono, makoko n'kumawaponya pafupi ndi matayala. Sankayang'ana nkhope ya a Holub. Ankayang'ana manja.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anayankhula.

"Iwe, sunola pa boti?"

"Boti limagwedezeka, bwana. Ndingakuonongereni mpeni."

"Ndiye kutsidya umakanola mipeni ya ndani tsiku lonse? Ya ng'ombe?"

"Ya mahotela, bwana."

Munthuyo anagwedeza mutu ngati wakhutira, naswa mtedza wina.

A Holub atamuuza Lisk, mnyamatayo anati kwatsala masiku atatu okha. Mayi wosoka uja anali asanafike paphompho. Kanema wopanda phompho ndani angagule?

Tsiku lachisanu ndi chinayi anamaliza dzuwa litapendeka. Pa mafiti 300 olakwitsira aja panatsala khumi ndi anayi. Lisk analira ngati mwana, kenako anadzichitira manyazi n'kuyamba kukalipira aliyense. Zitini zinayi anaziika m'bokosi pambali pa kamera, navindikira. Pokwera boti la folo koloko anabalalika monga mwa masiku onse. Lisk anakwera pamwamba ngati mlendo, Zdenka anakhala pa benchi ndi dengu la zovala za sewero zimene anachapa kumtsinje, zikadali zonyowa, ndipo a Holub anaima ndi kangolo kawo kumbuyo, pafupi ndi ngolo za akavalo.

Kuwoloka kumatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Zitatu zitatha, wa chipewa chotuwa anatulukira pakati pa akavalo. Lero analibe mtedza. Anali ndi chinthu chokulunga m'nyuzipepala, ndipo atafunyulula chinali chimpeni cha m'butchala chodulira mafupa, chokhala ndi mapengo atatu, malo obenthuka, kukamwa kwake.

"Taona mtsinje," anatero. "Uli phee ngati tebulo. Lero boti silikugwedezeka."

Zinali zoona. Ngakhale utsi wa botilo unkakwera mowongoka.

"Tikatsika, bwana. Padoko ndikunolerani bwinobwino."

"Padoko ndikuthamangira zina." Anatulutsa dola yasiliva naikweza m'mwamba kuti aliyense aione. "Mtengo wake ndi masenti khumi ndi asanu, eti? Ine ndikupatsa iyi."

Woyendetsa ngolo ya mowa amene anali pafupi anaseka. "Madala, landirani! Dola yathunthu? Bweretsani kuno ndinole ndi mano anga!"

Anthu anayamba kuyandikira. A Holub anaona msampha wake bwinobwino. Wonola mipeni wokana dola ya siliva pamadzi abata ndiye kuti si wonola mipeni. Ndipo wonola chitsulo cholimba chonchi pa katatu pa sekondi agwetsera mbaliwali pamng'alu uja, pamwamba pa zitini zimene zivindikiro zake zinangomatidwa ndi kansalu. Anakumbukira lawi la m'mbale lija. Anayang'ana akavalo, amayi a madengu, ndi madzi mbali zonse.

Mphindi zisanu ndi zitatu zinali zitatsala. Anaganiza zozidya.

Anatenga chimpenicho nachiyang'anitsitsa padzuwa, mbali iyi, mbali inayo. Anachigogoda ndi chikhadabo namvetsera. Anafunsa kuti chinagulidwa kuti, chimadula mafupa a ng'ombe kapena a nkhumba. Anapukuta mwala ndi chikhatho. Anamasula lamba wa epuloni namanganso. Zonsezi zinadya mphindi zitatu, ndipo munthuyo anangoima akumwetulira, ngati mphaka woonerera mbewa ikuzungulira m'ndowa.

Kenako Zdenka anadzuka pa benchi. Anayenda ngati mayi wotopa wosadziwa aliyense, natsamira kangolo.

"Pepani bambo, mkono wandifera. Nditule kaye pano pang'ono."

Anatulutsa diresi lonyowa m'dengu naliyala pachivindikiro, pamng'alu penipeni. Mtima wa a Holub unatsika pang'ono. Koma wa chipewa chotuwa anawerama, natola diresilo ndi zala ziwiri, nalibwezera m'dengu mwaulemu.

"Mayi Holub, mudetsa diresi la eni. Si lija anavala mayi wapaphompho lero?"

Zdenka sanabwererenso pa benchi. Anaima pomwepo, phazi limodzi litagunda tayala la kangolo, maso ali pa amuna ake.

"Nola," anatero munthuyo.

Mphindi zinayi. A Holub anagwira chopukusira. Sanaganize n'komwe kuti apukusa bwanji. Dzanja linayamba lokha, ndipo atazindikira anamva kuti pakhosi pawo pakutuluka nyimbo ya maliro ija. Mwala unkazungulira mwaulesi, kawiri pa sekondi. Chitsulo chinkalira motsika, ndipo m'malo mwa mvula yofiira munkatuluka mbaliwali imodzi, patapita nthawi ina imodzi, zofooka, zozima zisanafike pathabwa.

Munthuyo anatulutsa wotchi m'thumba.

"Madala, mwagona?" anakuwa wa ngolo ya mowa. "Agogo anga amapukusa khofi kuposa pamenepo!"

Anthu anaseka. A Holub sanadzutse mutu. Chimpeni chinafika papengo loyamba, chitsulo chinakodwa, ndipo mbaliwali imodzi yaikulu inadumpha n'kugwera pachivindikiro, kufupi ndi mng'alu ngati m'lifupi mwa chala. Inayaka pathabwa lamafutalo ngati diso. Zdenka anaikapo chikhatho chake chonyowa naipsinja, nkhope osasintha.

"Fulumira," anatero wa chipewa.

"Dzanja lakalamba, bwana."

"Lakalamba liti? Mu Epulo ndinakuona pa msewu wa 116, unkapukusa 180. Ndawerengapo onola mipeni asanu ndi awiri mumzinda muno, palibe wotsika pa 170." Anatseka wotchi. "Iwe wapukusa 120. Ndawerenga kawiri, osaphonya ngakhale kamodzi. Mumzinda muno muli mtundu umodzi wokha wa anthu opukusa 120 akuimba."

A Holub anasiya kuimba, koma dzanja silinasinthe. Akanatha kufulumira pamenepo kuti amutsutse. Masekondi khumi a katatu akanakwanira. Anayang'ana mng'alu, napitiriza kawiri pa sekondi.

Boti linagunda doko, akavalo anapalasa pansi, maunyolo analira. A Holub anaimitsa mwala napereka chimpenicho. Mapengo onse atatu analipobe. Kwa zaka 18 anali asanabwezepo chitsulo chobuntha kwa mwini wake.

"Sichinathe, bwana. Dola yanu sungani."

"Iyayi, wagwira ntchito." Munthuyo anawerama, naimika dola ija chammbali pamng'alu, naisiya. Inalowa, ndipo m'katimo munamveka ngwee, chitsulo kugunda chitsulo. Anatchera khutu ngati womvera nyimbo. "Nsanza zako zimalira ngati chitini."

Anakulunga chimpeni m'nyuzipepala mosafulumira.

"Lero ndilibe chikalata. Woweruza amasaina m'mawa. Nyumba yako ndi yachitatu kuchokera pakona, chitseko chobiriwira, kangolo kamagona pansi pa masitepe. Naini koloko. Masitepe ako aja ndi otsetsereka, madala. Uzitsika mosamala."

Anasowa m'chigulu cha anthu otsika.

Lisk anawapeza kuseri kwa khola la akavalo a padoko. Zdenka anatambasula chikhatho. Pakati pake panali kadontho koyera ka chithuza.

"Bwenzi mutangokana basi!" anatero Lisk.

"Ndikanakana akanaitana anzake padoko pomwe pano," anatero a Holub. "Pano watipatsa mpaka naini koloko. Mumadziwa kuwerenga, bwana, werengani."

Zitini anazisamutsira pansi pa zovala zonyowa m'dengu la Zdenka, kamera anaikulunga m'jasi la Lisk. Aliyense anadzera msewu wake. A Holub anakankha kangolo kopanda kanthu mpaka kunyumba akuliza belu, kuti wofuna kuwatsata awatsate iwo, kenako anatulukira khomo lakuseri.

Dzuwa lisanalowe onse atatu anali kwa wojambula maukwati uja. Mkuluyo anadula kachidutswa ka chitini choyamba kuti ayese, nalowa m'chipinda chake chamdima. Atatuluka anakweza filimu yonyowa pazenera. Tizithunzi tinandandalika, mayi wosoka ali pamakina ake, nkhope yakuda, tsitsi loyera monga zimakhalira filimu isanasindikizidwe. Mkuluyo anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Palibe kowala kuposa kanzake. Anapukusa ndi munthu kapena makina?"

"Wonola mipeni," anatero Zdenka.

Lisk anali atayamba kale kuwerenga mokweza. Makope makumi awiri, lililonse madola zana, ogula alipo ku Chicago ndi ku St. Louis amene saopa Akuluakulu. Ndipo kumwera, ku Jacksonville, kuli dzuwa chaka chonse, akazitape ndi ochepa, opukusa 120 akusowa. Sitima imanyamuka 6:10 m'mawa. Mkulu wa maukwati anati filimu ikhala itauma pofika faifi.

"Nanga mwala?" anafunsa Zdenka.

Mwalawo unawoloka nyanja m'bulangete limene a Holub akanafunda.

"Akasuzumira m'mawa n'kuona kangolo kopanda mwala, adziwa kuti tathawa, athamangira kusiteshoni. Akaona mwala uli pamalo pake, adikira naini koloko." Anayang'ana dzanja lawo lamanja, nalitembenuza. "Ndiponso lino silinolanso. Mwaona nokha."

"Ndi wa bambo anu."

"Bambo anga sakanafuna kuti uzizungulira kawiri."

Anagwirizana chonchi. Kangolo kagona pansi pa masitepe monga mwa masiku onse, mwala uli pamwamba, m'kati muli nsanza ndi dola ya mwini wake. Zdenka alongedza chikwama chimodzi. Faifi koloko Lisk atenga zitini kwa wojambula maukwati, a Holub anyamula kamera m'dengu la zovala, ndipo onse atatu akumana pasiteshoni, akwera sitima ya 6:10 yopita ku Jacksonville, aliyense m'bogi lake.